Aketulo, Alamu Anga

Tsiku limene achimwene anabwera nawo koyamba kudzationetsa, ndinawakonzera mpando wa khushoni uja timasungira alendo. Iwo anauyang'ana, anathokoza, kenako anakoka kampando kathabwa n'kukakhazika pafupi ndi chitseko. Ndinati mumtima, koma mayiyu ndi waulemu. Panapita zaka ndisanadziwe kuti alamu anga sankatha kukhala pamalo poti sakuona potulukira.

Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, woseka ndi thupi lonse. Ankasita zovala pa shopu ina yochapira, kuseri kwa msewu wa maofesi. Mukalowa mmenemo, choyamba kukulandirani chinali nthunzi ndi fungo la sopo. Kutsogolo kunali kauntala ndi mizere ya malaya opachikidwa m'mapulasitiki. Kumbuyo kunali makina ochapira, ena okalamba moti akafika pofinya ankavina mpaka kusuntha pamalo. Pakona, pansi pa windo losatseguka bwino, ndi pamene panali tebulo lawo. Kolala ikadutsa m'manja mwawo inkaima chilili ngati msilikali, ndipo mzere wa thalauza unkatuluka wakuthwa woti n'kudulira buledi. Makasitomala ena ankachita kunena pa kauntala kuti, "Izi asite amayi aafupi aja."

Anzawo a kuntchito ndi amene anawapatsa dzina loti Aketulo, ati chifukwa sachedwa kuwira. Ukangowauza kuti batani ili lagwedera, basi chivindikiro chayamba kuvina. Dzinalo linafika mpaka kunyumba, ndipo masiku abwino nawonso ankaliseka.

Chikondi chawo chinalinso chowira chimodzimodzi. Nditachitidwa opaleshoni chaka china, anabwera kwathu ndi kachikwama, anandisambitsa, anachapa chilichonse mpaka makatani, ndipo anasita ngakhale masokosi a amuna anga. Ndikati, "Alamu, pumulani, mundichititsa manyazi," ankangondikankhira pabedi.

"Gonani inu. Odwala alibe mawu."

Koma panalinso masiku ena. Achimwene ndi munthu wofatsa, amakonza zamagetsi m'nyumba za anthu, ndipo ntchito yawo ilibe nthawi yeniyeni yowerukira. Akachedwa pang'ono, ankapeza chikwama chalongedzedwa kale, chili pakhomo.

"Ngati mwatopa nane nenani," alamu ankatero, maso ali psu. "Ndichoke ndekha musanandithamangitse."

M'mawa mwake kunkakhala kulira, kupepesa, ndi kusitanso malaya osita kale. Nthawi zina sankakalipa n'komwe. Ankangoti zii, maso ali otseguka koma osaona, ngati nyumba yoti eni ake atuluka n'kusiya nyale zikuyaka. Ukawaitana ankabwerera pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti timakamba zotani.

Pa mkono wawo wamanzere panali zipsera zooneka ngati nsonga ya simbi. Ankati ndi ngozi za pantchito, ndipo palibe ankafunsa kawiri.

Za ubwana wawo ndinazimva zidutswazidutswa, zina kwa achimwene, zambiri kwa eni ake patapita nthawi. Mayi awo anamwalira iwo ali kamtsikana kosatha n'komwe kudzimanga lamba wa diresi. Azakhali awo a m'tauni ina anawatenga, ati akawaphunzitse sukulu. Sukuluyo anangoinunkhiza. Anasanduka wantchito wa m'nyumba, wolera ana a eni nyumba. Mbale ikasweka kunkabwera paipi yothirira maluwa, kenako kutsekeredwa m'kachipinda kosungiramo matayala akale, kopanda windo. Mwamuna wa azakhaliwo anali ndi kiyi wakewake wa kachipindako, ndipo zimene ankachita akalowamo sindizilemba pano. Sizinali za tsiku limodzi. Umenewo ndiwo unali moyo wawo mpaka anathawa ali mtsikana wamkulu.

Zinthu zinafika poipa masana ena kuntchito. Kasitomala anabweza jekete, ati lawala pamapewa, ndipo anakalipa mpaka anthu odutsa mumsewu anaima. Abwana a pashopupo, munthu wopanda nkhanza, anaitanira alamu mu ofesi kuti akambirane poduka mphepo. Chitseko cha ofesiyo chinkatseguka chokha, ndiye abwanawo anangopotokola kiyi. Alamu akuti anangomva kulira kwa loko, basi. Zimene abwana ananena sakuzikumbuka. Anatuluka mwakachetechete, anabwerera patebulo lawo, ndipo mnzawo wina anatembenuka n'kuwaona atadzikanikiza simbi pamkono.

Ine ndimagulitsa penti pa shopu ina mumsewu womwewo, choncho ndi ine amene ndinathamanga nawo kuchipatala. Anesi amene ankatsuka balalo anali achikulire, osafulumira. Anapinda mkono wa bulauzi, anayang'ana zipsera zakale zija, n'kupitiriza kumanga bandeji.

"Simbi yanuyi ndi yamwambo," anatero modekha. "Imasankha mkono umodzi, pamalo poti malaya abise."

Ndinadikira kuti ketulo iwire. Koma alamu anangoweramitsa mutu.

"Sindikukudzudzulani ayi," anapitiriza anesiwo. "Balali ndilimanga lipola. Koma kuseri kwa chipatala chino kuli amayi ena alangizi, amadziwa kuthandiza pa zimene zimabweretsa mabala otere. Mungalole ndikuperekezeni?"

Alangiziwo anali aatali, oonda, magalasi awo atamangirira chingwe m'khosi. Tsiku loyamba, alamu atangolowa n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku, iwo anavula nsapato imodzi n'kutchingira chitseko kuti chisatsekeke. Anachita macheza onsewo phazi limodzi lili pasimenti. Alamu atandifotokozera anaseka mpaka misozi, koma ndikuganiza kuti nsapato imeneyo ndi imene inawabwezanso sabata yotsatira.

Thandizo lake, lophunzitsa munthu kuugwira mtima, amalitcha DBT. Ine ndinalidziwa kudzera m'madandaulo a alamu, chifukwa madzulo aliwonse akachokako ankadzera kushopu kwanga n'kukhala pa chitini cha penti.

"Ndinapita nditalimba mtima kuti lero ndiulula zonse," anandiuza. "Akuti ayi, zakale zidikire. Akuti choyamba ndiphunzire kukhala ndi ululu osadzipweteka. Zakale tidzazitsegula ndikakhala ndi pogwira."

Sabata iliyonse ankaonana ndi alangizi pawokha, komanso ankapita kugulu. Gululo linkakumana m'chipinda cha mipando yapulasitiki, chokhala ndi fani yolira ngati ikutafuna miyala. Sikunali kokafotokoza mbiri ya moyo. Kunali ngati kalasi: kuphunzira, kuyeserera, kupatsidwa zokachita kunyumba. Alangizi anawapatsanso nambala ya foni, ndi lamulo limodzi, loti aziimba maganizo odzipweteka akamabwera, asanachite kanthu, osati atachita kale.

Poyamba alamu ankaona ngati ndi masewera.

"Alamu, lero taphunzira kumwa tiyi," anatero tsiku lina, akuponya chikwama pansi. "Anthu akuluakulu, wina dalaivala wa lole wa ndevu zake. Akuti mverani kutentha kwa kapu, mverani fungo, maganizo akathawa muwabweze. Ine ndasiya mulu wa malaya kuti ndikanunkhize tiyi?"

"Nanga maganizo anathawa?"

"Anathawiratu! Anakafika mpaka kwa azakhali." "Koma ndinawabweza. Sindinkadziwa kuti amabwezeka."

Chimene chinawagwira mtima kwambiri chinali kamawu kamodzi. Iwo anali atauza alangizi kuti, "Ndikuyesetsa, koma ndine woonongeka." Alangizi anawauza kuti mawu oti koma ali ngati chofufutira, amachotsa zonse zimene wanena poyamba. Anati ayese komanso. Mukuchita zonse zimene mungathe, komanso pali zofunika kusintha. Si inu munayambitsa mavutowa, komanso ndi inu mungawakonze. Zinthu ziwiri zooneka zotsutsana zikhoza kukhala zoona pamodzi. Alamu anabwera nako kamawuko kunyumba ngati mwana wagula wezulo, tonse tinamva nako.

"Ndimakukondani, komanso nsapato zanuzi zikunkha," ankawauza achimwene.

Panali zina zogwira thupi. Akamva kuti zija zikubwera, mtima ukugunda m'makutu, manja akufunafuna simbi, ankathamangira kumbuyo kwa shopu n'kuviika nkhope m'beseni la madzi ozizira kwambiri, atagwira mpweya. Alangizi anati kuzizirako kumatsitsa kugunda kwa mtima, munthu n'kupeza mpata woganiza. Abwana, amene nkhani ya loko ija inawadetsa nkhawa kwambiri, ankaonetsetsa kuti mu firiji ya antchito musasowe madzi oundana. Anzawo aja sanasiye nthabwala. Akaona alamu akutuluka nkhope ili chonyowa ankati, "Ketulo aiphula," iwo n'kuwawaza madzi a m'manja.

Anaphunziranso kutchula zimene akumva. Kale zonse zinali ziwiri zokha, mkwiyo kapena palibe. Atayamba kusenda mkwiyowo anapeza kuti pansi pake nthawi zambiri pamakhala mantha, ndipo pansi pa mantha pamakhala manyazi. Achimwene akachedwa, m'malo mothamangira chikwama ankayenera kudzifunsa kaye kuti chimene akudziwa n'chiyani, chimene akungoganiza n'chiyani. Kenako kuchita zosiyana ndi zimene mantha akulamula: kutenga foni, kufunsa kuti muli kuti, n'kuyika madzi osamba pamoto.

Ifenso anatiitana ulendo wina, ine ndi achimwene. Alangizi anatifunsa zimene timanena alamu akavutika.

"Ndimawauza kuti palibe vuto, asalire," anayankha achimwene.

"Nanga amasiya?"

"Amawonjezera."

Alangizi anafotokoza kuti munthu amene anakula akuuzidwa kuti ululu wake ndi wabodza, ukamuuza kuti palibe vuto amamva ngati watsekeredwanso. Sikuti uvomereze kuti akunena zoona pa chilichonse, koma umuonetse kuti waona zimene akumva. Achimwene anamvetsera mwachidwi ngati akuuzidwa za mawaya atsopano. Patangopita masiku ochepa anachedwanso, ndipo atapeza akazi awo atatupa pakhomo, anaima mowongoka, anatsokomola, n'kunena ngati akuwerenga mita ya magetsi:

"Ndikuona kuti mwachita mantha. N'zomveka."

Alamu anawayang'ana, kenako anaphulika kuseka.

"Bwerezaninso, koma mukhale ngati ndinu munthu."

Anabwereza. Ulendo wachiwiriwo alamu analira, ndipo achimwene sanawaletse.

Sikuti zinkangoyenda. Patapita miyezi ingapo anadzipwetekanso, ndipo anasiya kupita kugulu. Ndinawapeza kunyumba atafunda bulangete masana dzuwa likuswa mtengo.

"Ndawataya nthawi amayi aja," anatero. "Ndilibe nkhope yowaonetsa."

Tinapita limodzi, ine n'kutsala pabenchi panja. Akuti alangizi sanakalipe, komanso sanawasisite. Anangoti tiyeni tilione tsiku limenelo kuyambira m'mawa, ngati mmene mumasulira msoko kufuna pamene ulusi wakodwa. Zinapezeka kuti alamu sanadye kanthu tsikulo, ndipo masana kunabwera kasitomala wodzola mafuta onunkhira ofanana ndi amene ankadzola mwamuna wa azakhali uja. Iwo sanazindikire n'komwe, thupi ndi limene linakumbuka. Kenako anafufuza pamodzi malo onse amene akanatha kukhotera kwina: apa mukanadya, apa mukanatuluka panja, apa mukanaimba foni.

"Ndinkayesa kuti zimangondigwera ngati mphezi," anandiuza tikubwerera. "Ayi ndithu, zili ndi njira yake imene zimadzera."

Atakhala nthawi yaitali osadzipweteka, alangizi anati tsopano zakale zija zitsegulidwe. Imeneyi ndiyo inali ntchito yowawa. Ankafotokoza za kachipinda kaja mokweza, kubwereza sabata ndi sabata, mpaka nkhaniyo inayamba kumveka ngati chinthu chimene chinachitika kalekale, osati chimene chikuchitika panopa. Chitseko cha alangizi chinayamba kutsekedwa pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene chinakhomedwa, kiyi anapotokola ndi alamu okha n'kumusunga m'manja. Masiku amenewo ankatuluka atatheratu. Ndinkawadikira pageti, tinkagula malalanje, n'kumayenda tikusenda.

Kenako kunabwera uthenga. Mwana wa azakhali aja, mmodzi mwa amene alamu ankawabereka kumsana, tsopano bambo wa mimba yake, anatulukira pa shopu yochapira. Anati mayi ake afa ziwalo mbali imodzi, bambo ake anamwalira kale, ndipo pakufunika munthu wowasamala.

"Inu achemwali ndi amene mumawadziwa bwino. Pajatu anakulerani."

Anzawo a kuntchito akuti anasiya zonse n'kumadikira. Alamu anaimika simbi bwinobwino, anapukuta manja, n'kunena kuti, "Ndamva. Ndiganize kaye, ndikuyankhani."

Anakambirana ndi alangizi, ndipo zoti akanene anakaziyeserera kugulu. Dalaivala wa lole uja ndi amene anakhala ngati azakhali, atafunda juzi kumutu, akubuula mokokomeza mpaka gulu lonse linagwa ndi phwete. Koma anawapanikiza zenizeni, ndipo alamu anabwereza mawu awo mpaka anasiya kuwameza.

Tinapita awiri pa basi ya m'mawa. Nyumbayo inali yaing'ono kuposa mmene ankaifotokozera, iwonso anadabwa. Tikudutsa m'khonde anaima pa kachipinda kena. Chitseko chake chinali chitachoka, mkati muli firiji yakufa ndi makatoni. Anayang'ana kwa kanthawi, n'kupitirira.

Azakhaliwo anali gone pabedi, aang'ono ngati mwana, pakamwa patapotoka.

"Wabwera kudzandisamala, mwana wanga," anatero movutikira.

"Ndabwera kudzakuonani, azakhali. Kukusamalani sinditha."

"Ine ndinakulera iwe."

"Munandilera, komanso munkanditsekera m'kachipinda kaja. Ndipo munkadziwa amene ankalowamo."

Ndinkaona alamu atapondetsa mapazi pansi, akutulutsa mpweya pang'onopang'ono monga anaphunzitsidwira. Mayi wokalambayo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Unali mwana wovuta," anatero.

Alamu anaima pamenepo mpaka mtima unakhazikika. Kenako anaona kuti pilo wapendekeka ndipo khosi la wodwalayo lapindika, anaweramira n'kumukonza, n'kuwongola nsalu yofunda, chifukwa alamu anga makwinya sagwirizana nawo kulikonse kumene angawapeze.

"Tsalani bwino, azakhali."

Pa basi analira njira yonse, mutu uli paphewa langa, mpaka bulauzi yanga inanyowa.

"Sanapepese," anatero.

"Ayi, sanapepese."

"Ndinkadziwa kuti sapepesa. Zikuwawabe."

"N'zomveka, alamu," ndinatero, ndipo anandifinya dzanja.

Sanapitekonso. Mwana wa azakhali uja anakwiya, anawanena kuti ndi osayamika, ndipo mpaka lero salankhulana. Zimenezi zimawapweteka, sabisa. Maphunziro a kugulu anamaliza, koma kwa alangizi amapitabe mwa apo ndi apo zinthu zikalemera. Kupsa mtima sikunathe, ndipo pali masiku amene amadzuka thupi lili tcheru popanda chifukwa chooneka. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amanena. Amandiimbira kushopu n'kuti, "Alamu, lero si tsiku labwino, mudzere kuno poweruka." Ndimadzera, timakhala, tsikulo limadutsa.

Mwezi wathawu anatidabwitsa. Tili pa tiyi kwathu anangoti akufuna kuphunzira kupalasa njinga.

"Pa msinkhu umenewu?" anafunsa achimwene.

"Anzanga ankaphunzira ine ndikuchapa matewera. Nanga njinga imafunsa zaka?"

Lamlungu masana tinabwereka njinga ya aneba, tinapita pa bwalo la sukulu ina yapafupi. Achimwene anatsitsa chishalo mpaka pansi chifukwa cha kufupika kwa miyendo, anagwira kumbuyo, ine ndikuthamanga pambali ngati wamisala. Alamu ankakuwa malamulo ngati ndi iwo akuphunzitsa: gwirani bwino, musakankhe, mukukankha inu, ndati musasiye! Anagwa kangapo, ulendo wina anagwera pa ine tonse n'kugubuduka mu fumbi. Ankadzuka, kukung'untha siketi, n'kukweranso.

Dzuwa litapendeka, achimwene atatopa, anasiya chishalo osanena. Njinga inapepeluka, inawongoka, n'kupitirira yokha kulowera ku magolo a mpira. Alamu ankalankhulabe ndi munthu amene sanalinso kumbuyo kwawo, kumuuza kuti agwiritse. Atafika pakati pa bwalo anacheuka pang'ono, n'kutiona tonse awiri titaima patali, achimwene atagwira m'mawondo akupuma wefuwefu.

"Mwandisiya!" anakuwa.

"Palasani!" tinakuwa ife.

Anapalasa mpaka kumapeto kwa bwalo, anakhota mokhotakhota, n'kubwerera akuseka pakamwa ponse, akutiuza kuti tichoke panjira chifukwa kuima sanaphunzire.